Bondo Landichotsa Pabwalo, Nanga Tsopano Ndine Yani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Blantyre amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndayifupikitsa pang'ono.

"Adokotala, ndili ndi zaka 21. Ndinayamba ntchemberembaye ndili Sitandade 5, ndipo ndakhala ndikusewera ngati GA (woponya zigoli) mu timu ina ya mu ligi ya kummwera kuno. Miyezi inayi yapitayo ndinadumpha kuti ndiwakhe mpira, potera ndinamva kuti 'tho!' m'bondo lakumanja, n'kugwa. Linatupa tsiku lomwelo. Kuchipatala anajambula X-ray n'kunena kuti fupa silinathyoke, anandipatsa bandeji ndi brufen. Kutupa kunaphwa ndipo ndimayenda, koma ndikati nditembenuke msanga bondo limagweduka. Akochi anasiya kundiimbira foni, bibu yanga akuvala wina, ndipo anzanga ena akuti mtsikana ameneyo ndiye anandipita pansi. Mayi akuti za mpira zakwana, ndipeze banja kapena ndiyambe geni ya kaunjika. MSCE sindinakhoze bwino chifukwa mtima wonse unali kubwalo. Kwathu kuno aliyense amandiitana 'Shuta', ngakhale ana. Pano akandiitana choncho ndimalowa m'nyumba kukalira. Maloto anga anali kuvala yunifolomu ya ma Queens ndi kukasewera kunja. Usiku sindiona tulo. Mwezi wamawa kuli mpikisano wa chikho, ndipo mnzanga akuti pali jakisoni amene angandithandize kusewera. Kodi ndibayitse? Nanga ngati mpira watha, ine ndine yani?"

Mng'ono wanga, pepa kwambiri, ndipo wachita bwino kulemba usanabayitse. Ndiyankhiretu funso limene silingadikire: jakisoniyo usabayitse, ndipo chikho cha mwezi wamawa uchionere kunja kwa mzere. Zifukwa zake ndizifotokoza bwinobwino. Koma mtima ukhale kaye m'malo, chifukwa pa zonse walembazi palibe chimene chikundiuza kuti mpira wako watha. Ine ndikuona bondo limene silinapimidwe mokwanira, ndi mtsikana amene wasiyidwa yekha pa nthawi imene amafunika anthu pafupi.

Kulira kwakoko sikukundidabwitsa. Pa ntchito yanga yothandiza osewera ovulala ndaona anyamata a mpira wamiyendo, aja amadziguguda pachifuwa akachinya, akugwetsa misozi pabedi lopimira. Ukawafunsa ngati ukuwapweteka amati ayi. Chowaliza chimakhala funso lako lomweli. Taganiza: kuyambira Sitandade 5 bwalo ndi limene limakuuza nthawi yodzuka, anzako unawapeza komweko, kandalama ka sopo kamachokera komweko, ngakhale dzina limene ana a m'dera lanu amakuitana nalo unalitola komweko. Zonsezi zinachoka masana amodzi. Mphunzitsi akathyoka mwendo amalowa m'kalasi ndi ndodo, ana n'kumamutchabe aphunzitsi. Wosewera mwayi umenewo alibe. Ndipo amene anadzipereka kotheratu, ngati iwe amene unafika potayirapo mayeso, ndi amene mtima umawasweka kwambiri akavulala. Pali chinanso chimene anthu sachiganizira. Thupi lozolowera kutuluka thukuta tsiku ndi tsiku likangoima mwadzidzidzi, tulo timasokonekera, chilakolako cha chakudya chimasintha, munthu sachedwa kupsa mtima. Zina mwa zimene zikukusautsa usiku zikuchokera pamenepo.

Usaganize kuti zimagwera okhawo amene sanafike patali. Michael Phelps, wosambira wa ku America amene ali ndi mendulo zagolide 23 za Olympics, ananena yekha poyera kuti atatha masewero a ku London mu 2012 anadzitsekera m'chipinda masiku angapo, osafunanso kukhala ndi moyo. Thupi lake linali bwinobwino, mendulo zili pakhosi. Chinamuvuta n'choti ankadzidziwa ngati wosambira basi. Ndiye funso lakoli likanakupezabe tsiku lina, ngakhale ukanavala yunifolomu ya ma Queens zaka 10. Kungoti iwe lakupeza msanga, ndiponso mwankhanza.

Tibwere ku bondo. Sindingakupime kudzera m'kalata, koma kulira kwa 'tho' potera, kutupa tsiku lomwelo ndi kugweduka potembenuka zikabwera pamodzi, ife timayamba kukayikira mtsempha wa mkatikati mwa bondo umene timautcha ACL. Ntchito yake ndi kugwira fupa la msongolo kuti lisatererekere kutsogolo kapena kupotoka pansi pa fupa la ntchafu. X-ray imaonetsa mafupa basi. Choncho mawu oti fupa silinathyoke ndi oona, koma sakutanthauza kuti bondo lili bwino. Osewera ambiri amabwerera kunyumba ndi bandeji ndi mawu amenewo, n'kudzatulukira patatha chaka kuti mtsempha unaduka kalekale.

Ntchemberembaye imadya mawondo. Lamulo la mapazi limakukakamiza kuima nji pomwe watera uli pa liwiro, nthawi zambiri ndi mwendo umodzi, chiuno chikutembenukira kwina kusaka woti umuponyere. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti kapena phula, ena okumbikakumbika, nsapato nazo zakaunjika zoti chidendene chinadyeka mbali imodzi. Kuwonjezera apo, atsikana amaduka mtsempha umenewu kawirikawiri kuposa anyamata pa masewero ofanana, kamba ka kapangidwe ka chiuno ndi bondo, mphamvu ya minofu ya ntchafu, ndi kateredwe: ambiri potera bondo limagwera mkati. Ndipo nthawi zambiri sipakhala munthu wokugunda.

Pamenepo ndi pamene nkhani ya kupitana pansi imalowera. Munthu wagwa yekha, wina watenga bibu yake, zotsalazo anthu amalumikiza okha. Sindilimbana ndi zimene munthu amakhulupirira, koma ndikuuze zimene ndikudziwa: kugwa wekha popanda wokukhudza ndi mmene ACL imadukira kwa osewera ambiri, kaya ku Ndirande kaya ku Melbourne. Mtsikana wavala bibu yakoyo wavala chifukwa malo a GA sangakhale opanda munthu. Ukamusungira chakukhosi udzipatula wekha ku gulu limene ukulifunitsitsa panopa. Ndipo chonde, bondolo asakutemere mphini. Mabala a lezala amalowetsa tizilombo, ndipo dokotala wa opaleshoni sadula pakhungu pamene pali zilonda. Ungodzichedwetsa wekha.

Bwerera kuchipatala, koma ulendo uno upemphe kuonana ndi a zamafupa kapena a physio. Ku Queen Elizabeth Central onsewa aliko, ndipo mu Blantyre momwemo muli Kachere Rehabilitation Centre. Kwa owerenga a m'chigawo chapakati, pa Kamuzu Central ku Lilongwe pali chipatala cha mafupa cha LION, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka ma orthopaedic clinical officer amene angakupime n'kukulembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Ukalowa usangoti "bondo limandipweteka", chifukwa utuluka ndi brufen wina. Nena mmene unaterera, phokoso unamva, nthawi imene linatupa, ndi kangati lagweduka chivulalireni. Wodziwa ntchito adzakugoneka chagada, n'kupinda bondo pang'ono, dzanja limodzi atagwira ntchafu, linalo likukokera msongolo kutsogolo, kenako n'kuyerekeza ndi mwendo wabwinowo. Kupima kumeneku timakutcha Lachman. Sikutenga mphindi ziwiri, koma m'manja mwa wozolowera kumanena zambiri. MRI, makina ojambula amene amaonetsa mitsempha, ndi imene imatsimikizira, ndipo imaonetsanso ngati meniscus, kachidutswa kofewa kokhala pakati pa mafupa awiriwo, kang'ambika. Ndi yodula, ndiye musagulitse katundu wa m'nyumba kuthamangira MRI wokupimayo asananene kuti ikufunika.

Zikapezeka kuti mtsemphawo unangong'ambika pang'ono, kapena kuti wavulala ndi wa m'mbali mwa bondo umene umatha kupola wokha, ndiye kuti uli ndi mwayi, miyezi ingapo ya masewero olimbitsa mwendo ikhoza kukwanira. Zikapezeka kuti ACL inaduka yonse, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulimbitsa minofu yozungulira bondo mpaka izigwira ntchito imene mtsemphawo unkagwira. Yachiwiri ndi opaleshoni, pamene dokotala amatenga kachidutswa ka mtsempha wako womwe, kuseri kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, n'kukalowetsa m'malo mwa woduka uja. Kafukufuku wina wa ku Sweden amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010 ndi mu 2013 anatsatira achinyamata oduka ACL, ndipo patatha zaka 5 pafupifupi theka la amene anayamba ndi kulimbitsa minofu anali asanachitidwebe opaleshoni, mawondo awo akuwatumikira mofanana ndi a anzawo. Choncho kuduka ACL sikutanthauza mpeni nthawi zonse. Komabe ndisakubisire maganizo anga. Kwa munthu wa zaka 21, amene bondo likugwedukabe patatha miyezi inayi, ndipo akufuna kubwerera ku masewero odumpha ndi kutembenuka ngati ako, opaleshoni ndi imene madokotala ambiri angaganizire. Chosangalatsa n'choti njira zonse ziwiri zimayambira pamodzi. Dokotala wabwino safuna kudula bondo lotupa, losawongoka, la ntchafu yofota. Ndiye kaya ndalama ya opaleshoni ilipo kaya palibe, ntchito yoyamba ndi yomweyo, ndipo siyifuna ndalama.

Ndikupatsenso manambala osakometsera, chifukwa ndiwe wamkulu. Mwa anthu 10 ochitidwa opaleshoni imeneyi, pafupifupi 8 amabwerera ku masewero ena ake, koma obwerera ku mpikisano weniweni amangopitirira theka pang'ono. Ambiri mwa otsalawo bondo limakhala litachira. Chimawagwira ndi mantha oti ndikatera lidukanso, kapena moyo umakhala utawatengera kwina. Nthawi nayo ndi yaitali: miyezi 9 mpaka 12 chichitikireni opaleshoni. Ofufuza a ku Norway ndi America anapeza mu 2016 kuti obwerera pabwalo miyezi 9 isanakwane amavulalanso kwambiri kuposa odikira, makamaka ngati ntchafu yovulalayo isanafanane mphamvu ndi inzake.

Dzina la Mwawi Kumwenda ukulidziwa kuposa ine. Mtsikana wa ku Mzimba amene anayamba ndi mpira wa mapepala apulasitiki, anasewera mu Escom Sisters, anapita ku Australia mu 2011, ndipo mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Sydney. Mu April 2018 anali m'gulu la ma Queens limene linagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 ku Gold Coast ku Australia. Chaka chomwecho, ali pachimake, ACL inamudukira akusewerera Melbourne Vixens. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 2019 ku Liverpool unamupita. Taganiza mmene zinalili kuonera anzake atavala yunifolomu imene iye anaikweza, iye asanabwerere pabwalo. Koma mu October 2020 Vixens inatenga chikho cha ligi ya Australia pogonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64, ndipo wosewera bwino koposa pa ndime yomalizayo anali Mwawi. Anthu amakonda kukamba za tsiku la chikholo. Ine ndimafuna osewera anga aganizire za chaka chapakaticho, chimene panalibe wowomba m'manja. Ndikuchenjezenso kuti Mwawi anali ndi timu yomulipirira opaleshoni ndi a physio omuyang'anira tsiku lililonse. Iwe zimenezo ulibe, ndiye ukachedwerapo kuposa iye usadzione ngati waulesi.

Tsopano za jakisoni. Jakisoni amapha ululu, mtsempha samanga. Vuto lako lenileni ndi kugweduka, ndipo ululu ndi umene ukukuletsa kuchita zimene zingaligwedule. Ukauchotsa n'kulowa m'bwalo, potera koyamba kapena kachisanu bondo lidzachoka m'malo. Nthawi iliyonse likagweduka, mafupa awiri aja amatsina meniscus ndi kupala khungu losalala la kumapeto kwa mafupa, limene likaperepeseka silimeranso. Ndaona atsikana amene anabwera ndi mtsempha umodzi woduka, n'kukasewera "gemu imodzi yokha", n'kubwerera ndi bondo lokhoma loti silipinda siliwongoka. Amenewo ndi amene nyamakazi ya bondo imawapeza asanafike zaka 40. Akuluakulu anati fulumira adadya gaga. Komanso poti maloto ako ndi a timu ya dziko, dziwa kuti bungwe loletsa mankhwala ozunguza pa masewero la WADA linaletsa majakisoni onse a mtundu wa cortisone pa nthawi ya mpikisano kuyambira 2022, ndipo tramadol, amene achinyamata amangogula mwachisawawa, analetsedwanso pa mpikisano kuyambira January 2024. Brufen ndi diclofenac nawo si akumwa miyezi. Amakanda m'mimba ndi kutopetsa impso.

Mphamvu imene ikukukankhira ku chikhocho ndi yabwino, ndi imene inakufikitsa mu ligi. Ingoisinthira ntchito. Uku ukudikira tsiku la kuchipatala, yamba izi. Khala pamphasa miyendo itatambasuka, pinda thaulo uike pansi pa chidendene, ndipo lola bondo liwongoke lonse mpaka kuseri kwake kuyandikire pansi ngati mwendo winawo. Kenako limbitsa ntchafu ngati ukukanikizira bondo pamphasa, werenga mpaka 5, masula, bwereza ka 20. Ika dzanja pamwamba pa bondo chamkati: mnofu wa pamenepo uyenera kuuma, ndipo ukayerekeza ndi mwendo wabwinowo uona wekha mmene wafotera. Zikayamba kuphweka, kweza mwendo wonse uli wowongoka, kenako uzimangirira kathumba ka mchenga pa akakolo. Dzuka pampando ndi kukhalanso pang'onopang'ono osagwira ndi manja, ukuyang'ana kuti bondo likuloza chala chachiwiri cha phazi, osati kugwera mkati. Potsuka mano ima ndi mwendo wovulalawo pafupi ndi khoma. Njinga pamalo athyathyathya ndi yabwino. Kuthamanga mokhotakhota, kudumpha ndi kutembenuka phazi lili pansi, ayi, mpaka wokupima akuloleze. Bondo likatupa m'mawa mwake ndiye kuti dzulo unapyola. Chepetsa, koma usasiye. Gula kakope ka masamba 40 uzilembamo zimene wachita tsiku lililonse. Wosewera anazolowera kuona zigoli pa bolodi, ndipo akasowa chowerenga mtima umafooka. Kakopeko kadzakuonetsa kuti sabata yatha unkakweza mwendo ka 10, lero ka 25.

Za akochi osaimba foni, zimapweteka, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma nthawi zambiri sikukhala kudana nawe. Amakhala ndi gemu Loweruka, ndalama ya minibasi palibe, ndipo ena amachita manyazi kuimbira munthu amene alibe chomupatsa. Usadikire foni. Lemba kalata kwa akuluakulu a timu, yaulemu, yonena tsiku unavulala, kuti unavulala ukusewerera timuyo, zimene achipatala anena, ndi thandizo limene ukupempha. Sunga kope lake pamodzi ndi buku lakuchipatala ndi malisiti onse. Ngati unasainira pepala lililonse polowa mu timuyo, liwerengenso uone zimene likunena pa za kuvulala. Akakhala chete, komiti ya ligi yanu ndi Netball Association of Malawi ndi kumene nkhani yotere imapita. Sindikulonjeza kuti ndalama ituluka, koma pempho lolembedwa limavuta kuliiwala kusiyana ndi la pakamwa.

Ndipo pita kubwalo. Ndikudziwa kuti ndi malo amene ukuwathawa kwambiri, ndipo tsiku loyamba mwina udzabwerako ukulira. Pitabe, kawiri pa sabata. Kuima pansi pa goli n'kumaponya sikufuna ACL. Ukhoza kuponya mipira 100 tsiku lililonse dzanja lisaiwale. Gwira wotchi, lemba zigoli, ona kuchokera kunja zimene uli mkati sunkaziona, monga mmene GD (wotchinga kugoli) wanzeru amakutsekera njira mpira usanachoke pakati. Mwa osewera amene ndawathandiza, amene amachira bwino mumtima ndi amene sanachoke pagulu. Amene anadzitsekera m'nyumba kudikira kuti adzaonekere atachira, ambiri sanaonekenso. Ana akakuitana 'Shuta', yankha. Dzinalo unaligwirira ntchito zaka zambiri, ndipo wovulala salandidwa dzina.

Mayi ako si mdani wako. Iwo akuwerenga ufa wotsala m'thumba, ndipo aona mwana wawo akubwera ndi bondo lotupa popanda wobwera kudzazonda. Nkhani ya makolo kukaniza mwana wamkazi mpira si yachilendo. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anauzapo atolankhani kuti makolo ake sankafuna kuti azisewera mpira wamiyendo, ndiponso kuti ali wamng'ono anavulidwapo zovala pabwalo anthu ofuna kutsimikiza ngati ndi mkazi. Zimenezo zikanatha kumuchotsa pabwalo mpaka kalekale. Anapita ku Sweden mu 2014, mu 2017 anachinya zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi yaikulu ya kumeneko, ndipo anadzachitanso chimodzimodzi ku Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, zimene palibe anachitapo. Koma ndingakhale wabodza nditakuuza kuti aliyense wolimbikira amafika kumeneko. Pa Tabitha mmodzi pali atsikana ambirimbiri aluso amene mayina awo anathera pa mabwalo a m'maboma, ndipo mayi ako amawadziwa amenewo, ena ndi oyandikana nawo nyumba. Ndiye usakangane nawo pa za maloto. Khala nawo pansi, makamaka utabwera kuchipatala, uwauze zimene apeza, nthawi imene zitenge, ndi zimene uzichita pa nthawiyo. Ngati pali azakhali kapena amalume amene mayi amawamvera, akhalepo. Geni ya kaunjika siyikulanda mpira. Ikhoza kukulipirira minibasi yopita kwa a physio. Banja lokha ndilo ndikuti usalilowe ngati pothawira. Ukwati wolowa chifukwa bondo lagweduka umakhalapobe bondo litachira.

Miyezi ikubwerayi ndi nthawi imene sunakhalepo nayo chiyambire Sitandade 5, ndipo ine ndikanakonda uigwiritse ntchito pa MSCE. Masukulu a open alipo ambiri mu Blantyre, ndipo ukhoza kulembanso maphunziro amene anakugwetsa. Izi sizikutsutsana ndi mpira. Tayang'ana matimu ngati Blue Eagles Sisters ya apolisi ndi MAFCO Soldiers ya asilikali: atsikana ambiri apezera ntchito yokhazikika kudzera m'matimu otere, ndipo polemba ntchito satifiketi imafunsidwa. Joyce Mvula anachokera ku Blue Eagles Sisters komweko asanapite ku Manchester Thunder ya ku England. Ngati za m'kalasi sizikukoka, maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo. Ndaonanso kuti wosewera amene ali ndi china chogwira amabwerera pabwalo ndi mtima wopepuka, chifukwa potera saganiza kuti moyo wake wonse watsamira pa bondo limodzi.

Tinenenso chimene ukuchiopa. N'kutheka kuti ndalama ya opaleshoni isapezeke msanga, kapena bondo lichire koma osafika pa mpira wa mu ligi. Zikatero udzalira, ndipo udzakhala ndi chifukwa. Koma ntchemberembaye ndi yaikulu kuposa anthu 7 a m'bwalo. Mary Waya ndi Peace Chawinga-Kaluwa anasewera mu ma Queens, kenako anadzaiphunzitsa timu yomweyo. Oyimbira odziwa malamulo akusowa, ndipo maphunziro ake amachitika. Pasukulu ya pulaimale ya kwanuko pali ana a Sitandade 5 amene palibe wowaphunzitsa kutera bondo lisakugwera mkati, chinthu chimene mwina iwenso palibe anakuphunzitsa. Sindikunena izi kuti ndikutonthoze ndi zotsalira. Ena mwa anthu amene ndimawalemekeza kwambiri pa masewero athu ndi amene anasiya msanga chifukwa chovulala.

Chenjera ndi anthu awiri amene amanunkhiza wosewera wovutika. Woyamba ndi bambo wachifundo chodzidzimutsa amene akuti alipira opaleshoni yonse koma mukambirane awiriwiri kumalo ogona alendo. Thandizo loona limadzera kwa makolo kapena ku timu, ndipo ndalama yake imapita kuchipatala. Wachiwiri ndi "ejenti" wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akuti ali ndi timu ku England kapena ku Dubai, ungotumiza ndalama ya visa. Timu yofuna wosewera simulipiritsa.

Pali zizindikiro zimene sufunika kudikira nazo tsiku limene anakupatsa kuchipatala. Bondo likakhoma osatheka kuwongoka, likatupa kwambiri mwadzidzidzi, likatentha ndi kufiira iwe ukumva malungo, kapena katumba akatupa ndi kuwawa, makamaka ukayambanso kubanika, pita tsiku lomwelo. Za mumtima nazo zili ndi malire ake. Kukhumudwa masiku ena n'kwachibadwa. Koma ukaona kuti padutsa masabata awiri kapena kuposa usakugona, chakudya chisakulowa, zimene unkakonda zisakukomanso, ukudziona wopanda ntchito, kapena wayamba kumwa mowa kapena mapiritsi kuti ugone, kumeneko ndi kudwala kofuna chithandizo ngati bondo lomwelo. Ku Queen Elizabeth kuli chigawo cha matenda a maganizo, m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira zimenezi, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupitako sikutanthauza kuti wapenga. Ndipo ngati ganizo lodzichotsa moyo lakufikirapo, ngakhale kamodzi, usagone nalo wekha: uza mayi, mnzako wapamtima kapena abusa lero lomwe, ndipo akuperekeze kuchipatala. Mwa zonse walemba, mawu oti suona tulo ndi amene ndikufuna uwatchule kwa wokupimayo ngakhale iye atangofunsa za bondo.

Popita kuchipatala tenga X-ray ija ndi buku lako, vala kabudula kapena siketi yomasuka kuti athe kuona mawondo onse awiri, ndipo ngati mayi angathe, apite nawe adzimvere okha. Ufunse mafunso atatu usanatuluke: chavulala n'chiyani, opaleshoni ikufunika kapena ayi, ndipo a physio uyambe kuonana nawo liti. Akakuyankha undilemberenso, tidzaone pamodzi masewero oyenera mwezi wotsatira.